Mazira a Pakhoma la Lole

4 Meyi

Kalaliki wanga, mwana wamkazi wa achimwene anga,

Moni, moni, moni! Uli bwanji kunjako? Chifuwa chija chinatha? Ife kuno tili bwino, bwino kwenikweni. Ukaona zilembo zikuvina papepalali usadabwe, ndi chimwemwe. Yamba wakhala pansi, kenako uwerenge. Mlongo wako wagwera m'ngalande ndi lole ya mazira, koma ali moyo! Wamva? Miyendo iwiri, manja awiri, mano onse ndawerenga ndekha. Chotupa chokha pachipumi, chachikulu ngati dzira la bakha.

Zinachitika Lachiwiri cha m'ma thu koloko masana, pamsewu wowongoka uja wa pakati pa famu ndi mlatho. Ine ndinali mushedi, ndikupakira mazira m'mathireyi monga masiku onse. Ndingomva a Mtali, mnzanga wa patebulo uja, akukuwa, "Amayi inu, mwana wanu uja wagona chammbali!" Mmene ndinathamangira sindikudziwa, nsapato imodzi mpaka lero sinapezeke. Ndinapeza lole yapendekera m'ngalande, iye wakhala pa udzu, akuyang'ana manja ake. Ndinati, "Ukundidziwa?" Iye, "Azakhali, mwasiya ntchito?" Ndinalira, ndinaseka, ndinamumenya paphewa.

Kuchipatala anamusunga tsiku limodzi. Akuti mutu uli bwino, koma za ngoziyo sakukumbuka chilichonse. Akukumbuka akutuluka pageti, kenako udzu.

Tsopano imva zimene anachita azakhali ako. Lole anaikoka ndi thirakitala kubwerera kufamu cha m'ma folo. Nditatsegula kumbuyo, mayi anga ine! Nyanja ya mazira. Ukudziwa lamulo lathu mushedi, dzira losweka sililindira mawa. Likauma limamata ngati guluu, likagona limanunkha, ntchentche nkubweretsa matenda kunkhuku. Ndiye ndinati mwana wanga asanenedwe kuti anabweza lole yonyansa. Ine ndi a Mtali tinatenga paipi, ndowa, bulashi, sopo. Tinapatula amoyo ndi osweka, mathireyi abwino tinawasanja, makoko tinakwirira. Dzuwa lisanalowe lole inali mbee, ukanatha kudyeramo.

Mawa lake kunabwera bambo wa inshuwalansi ndi kamera yake. Anasuzumira mkati, natembenukira kwa ine. "Watsuka ndani?" Ndinati ndine, bambo. "Zonse?" Ndinati zonse, zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikugwira ntchito imeneyi, sindisiya kanthu. Anavula magalasi, napukuta nkhope, nandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti sanaonepo ntchito yotere.

Ndaikamo kope ya fomu imene abwana a magalimoto apatsa mlongo wako kuti asaine pakutha pa mwezi. Ndi Chingerezi chokhachokha. Pali timabokosi titatu, abwana achonga kale kamodzi ndi pensulo. Iye wangoiika pansi pa pilo, ukudziwa mmene alili, mawu atatu pa tsiku. Utiuze zikutanthauza chiyani. Ndipo ngati kumeneko kuli mankhwala opaka, unditumizire, phewa lakumanja likundiwawa chitsukireni lole ija.

Ndine azakhali ako, osangalala kuposa munthu aliyense mumsewu wathu uno.


10 Meyi

Okondedwa azakhali,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndathokoza Mulungu kuti achimwene ali moyo. Chifuwa chinatha. Mankhwala a phewa ndatumiza pamodzi ndi kalatayi.

Koma azakhali, azakhali! Bambo uja sankasirira ntchito yanu. Anabwera kudzajambula mmene katundu anagwera, chifukwa katundu ndiye amasonyeza mmene galimoto inayendera isanagwe. Panalibe mboni, achimwene sakukumbuka, msewu unali wouma ndipo mwa zimene zalembedwa pafomuyi, panalibe mizere ya matayala. Mboni inali mazira aja. Inu mwaitsuka ndi sopo.

Timabokosi titatuto ndi mawu atatu ofanana, onse amanena za galimoto yosiya njira yake, koma amasiyana pa zimene dalaivala anachita.

Skid ndi pamene matayala aleka kugwira msewu, galimoto nkumangoterereka ngati munthu amene waponda sopo m'bafa. Dalaivala amayesetsa koma galimoto siimumvera.

Swerve ndi pamene dalaivala ali maso, waona chinthu kutsogolo, nkukhotetsa chiwongolero mwamphamvu kuti achizembe. Pamenepa manja ake agwira ntchito.

Veer ndi kungopatuka, galimoto kusiya mzere wake nkulowera kumbali. Mawu amenewa sanena kuti munthu anachitapo kanthu.

Abwana achonga veer, ndipo m'munsimu alemba kuti dalaivala ayenera kuti anasinza, popeza anayamba ntchito m'mamawa ndipo kunkatentha. Achimwene akasaina pamenepo, ntchito yatha, ndipo pakalata yawo padzalembedwa kuti anagona pachiwongolero. Ndani adzawapatsenso galimoto? Zaka naini akuyendetsa osakanda ngakhale galasi.

Muwauze asasaine kaye. Ndikufunsa anzanga kuno amene amadziwa za malamulo a ntchito. Ndipo chonde, azakhali, musatsukenso chilichonse.

Ndine mwana wanu,
Kalaliki.


16 Meyi

Kalaliki,

Moni. Mankhwala afika, akununkha ngati garaja koma akuthandiza, zikomo.

Kalata yako ndinawerenga kanayi. Tsiku limenelo sindinadye. Ine, amene ndinamupezera ntchito mwanayu, ndinagwada kuofesi kumupemphera, ndine ndamuchotsa ntchito ndi bulashi? Ndinapita kwa iye ndikulira. Iye anangoti, "Musalire, azakhali, mwina ndinagonadi." Mawu amenewo anandipweteka kuposa ako.

Koma tamvera zimene zachitika. Mawu ako atatu aja ndawalemba pachikatoni, ndapachika pamwamba pa tebulo langa mushedi. Sikidi, sweve, viya. Ine sukulu ndinalekezera folo, koma ndikuona kuti amene anapanga mawu amenewa anali anthu achidwi ngati ine. Galimoto imodzi, ngalande imodzi, koma iwo akufuna kudziwa manja a munthu anali pati. Ndakhala ndikuwatchula popakira. A Mtali akuti, "Mwayamba kupemphera m'malilime?"

Dzulo ndikupaka mankhwala ako ndinadzifunsa kuti, kodi phewali ndinalipweteka bwanji? Pansi sinditsuka ndi phewa, ndimatsuka ndi msana. Ndiye ndinakumbuka. Ndinakwera pakireti, ndikutsuka khoma la mkati mwa lole, mmwamba, kuposa mutu wanga. Chikasu cha mazira chinali mzere wonse, kuyambira kutsogolo mpaka kuchitseko, ndi makoko atamatirira. Ndipo khoma lake silinali la mbali ya ngalande ayi. Linali la mbali ya msewu!

Taganiza, mwana wanga. Lole inapendekera kungalande. Mathireyi onse tinawapeza ataunjikana pansi mbali ya ngalande, zimenezo nzomveka, chinthu chimagwera kotsika. Nanga mazira anakwera bwanji khoma la kumtunda? Dzira lili ndi mapiko? Ndinafunsa a Mtali osawauza kanthu, kuti, "Kodi mmwamba tinatsuka mbali iti?" Iwo, "Mbali ya msewu, si paja munkandinena kuti kutalika kwanga n'kwachabe?"

Pa nthawi yopuma ndinatenga wilibala, ndinasanja mathireyi teni, pamwamba ndinaika mazira ong'aluka aja timataya. Ndinayenda pang'onopang'ono ndikupatukira kumanzere, mathireyi phee, anangogwa nditalowetsa tayala m'kadzenje. Ndinasanjanso. Ulendo uno ndinathamanga nkukhotetsa kamodzi kumanzere, mwamphamvu. Kalaliki! Mathireyi anaulukira kumanja! Phwa, pa epuloni ya a Mtali. Ndinabwereza kasanu, kasanu konse chimodzimodzi. Amayi onse a mushedi anatuluka kudzaonerera, wina akuti ndapenga, wina akuti ndibwereze.

Tsopano ndiuze, iwe wophunzira. Wilibala ikukhotera kuno, katundu akuthawira uko, akumukankha ndani? Ndayang'ana, palibe munthu. Ndipo ngati zili choncho, kodi si ndiye kuti mlongo wako anakhotetsa dala kulowera kungalande? Si sweve imeneyo? Ndiyankhe msanga. Iye ndamuuza, wangoti, "Wilibala si lole."

Azakhali ako.


17 Meyi

Achimwene,

Moni. Mutu uli bwanji? Azakhali sanandiyankhe, ndikuganiza kuti akwiya ndi kalata yanga. Ndinalankhula mowawa, muwapepesere.

Ndafunsa anthu awiri kuno. Onse akuti popanda mboni ndi zithunzi, mawu a abwana ndi amene adzaime. Nzeru imene andipatsa ndi iyi. Musadikire kuti akuchotseni. Pitani kwa abwana, muwauze kuti mukufuna kusiya nokha, iwo akupatseni kalata yongonena zaka zimene mwagwira, yopanda mawu a kugona. Mabwana ambiri amavomera, chifukwa nkhani imathera pomwepo. Ntchito yapita, koma dzina latsala. Ndikudziwa kuti n'zowawa. Ndikanakhala pafupi bwenzi tikupitira limodzi.

Mundilembere, ngakhale mizere iwiri. Ndikudziwa kuti cholembera chimakulemerani kuposa tayala.

Mlongo wanu.


23 Meyi

Mlongo wanga,

Ndili bwino. Chotupa chaphwa.

Ndamva. Ndalankhula ndi abwana, avomera. Ndikasaina Lachisanu, teni koloko.

Chimene chikundivuta si ntchito. Ndikatseka maso ndimafuna ndione msewu uja, sukubwera. Ngati ndinagonadi, ndiye kuli bwino ndisiye. Pamlatho paja pamadutsa ana asukulu. Ukanakhala iwe ukanandipatsa kiyi?

Azakhali sanakwiye. Akuthamanga ndi wilibala kuseri kwa shedi. Usawauze za Lachisanu.

Achimwene ako.


25 Meyi

Azakhali,

Moni. Kalata yanu ya pa 16 yafika lero. Munalemba nambala ya nyumba imene ndinasamukamo chaka chatha, yakhala pawindo la eni ake masiku angapo. Ndikanadziwa zimenezi sindikanalembera achimwene zimene ndinawalembera. Afunseni, akuuzeni okha.

Funso lanu ndi labwino. Palibe amene amakankha katundu. Katundu amangofuna kupitirira kumene amapita. Galimoto ikakhota mwadzidzidzi, iye amapitabe kutsogolo, ndiye khoma la mbali inayo limabwera kudzamupeza. Zimene mwaona pawilibala n'zoona, ndipo anthu amaphunzira zimenezi kusekondale.

Koma ndili ndi mantha awiri. Oyamba, abwana adzati munthu wosinza akadzidzimuka amakhotetsanso mwamphamvu, ndiye mazira pakhoma satsimikiza kuti anali maso. Achiwiri, ndipo mundikhululukire. Azakhali, kodi khoma limeneli mukulikumbukadi, kapena mtima ukufuna kukonza zimene zinalakwika? Ndinu azakhali awo, a Mtali ndi mnzanu. Mukakanena chinthu chimene simukutsimikiza, nkupezeka kuti si choncho, ntchito zidzatha ziwiri. Musapange nkhani chifukwa cha chikondi.

Mwana wanu,
Kalaliki.


31 Meyi

Iwe Kalaliki,

Moni, ngakhale sukuyenera moni. Ine kupanga nkhani? Ine amene ndinakuneneza kwa bambo ako utaba shuga, ndikukukonda chomwecho? Ndakwiya theka la ola, kenako ndakukhululukira, chifukwa mantha ako oyamba aja andipatsa ntchito yokoma kwambiri.

Koma yamba wamva za Lachisanu. Inu awiri mumandibisira, eti? Lachinayi madzulo ndinaona mlongo wako akusita thalauza lake lakuda, lija la maukwati. Munthu wosapita kuntchito akusitiranji? Ndinamufunsa, anayang'ana kudenga. Ndinadziwa. Lachisanu m'mamawa iye ali kubafa, ndinatenga thalauzalo, ndi lina la buluu, ndi ovolosi, zonse m'beseni, madzi, sopo. Unati ndisatsukenso kanthu, koma za kuchapa sunanene. Anatuluka ndi thaulo. "Azakhali, thalauza langa?" Ndinati linali ndi fumbi. Anakhala pabedi ndi thaulo lakelo mpaka leveni. Ine ndinapita kwa abwana ndekha. Ndinati, "Bwana, mwanayo sabwera, alibe chovala. Tipatseni sabata imodzi, ndili ndi choti ndikuonetseni." Anandiyang'ana ngati nkhuku yalankhula. Koma anati Lachisanu likubwerali, wa inshuwalansi adzakhalapo, ndipo likadutsa limenelo basi.

Mlongo wako anati wilibala si lole. Chabwino. Ndinapita kwa a Makanika a pafamu, mdala uja wosaseka, ndinawapempha pikapu yawo yakale ndi iwo omwe. Anati, "Mayi, ine ndimakonza magalimoto, sindisewera nawo." Ndinawaonetsa chikatoni changa cha mawu atatu. Anawerenga, nakanda mutu, nati, "Sikidi chotsanipo. Matayala a lole ija ndinaika ndine, atsopano, ndipo msewu unali wouma." Ndinati sindichotsa chimene sindinaone ndi maso. Anati, "Kwerani."

Kuseri kwa mashedi kuli bwalo lija amatembenukirapo malole. Tinayala chingwe pansi, tinati iyi ndiye ngalande. Kumbuyo kwa pikapu tinaimika mabolodi awiri ngati makoma, pakati mathireyi ndi mazira otaya. Ine ndinakhala pakona, nditagwira chitsulo, a Mtali ataima patali ndi epuloni yatsopano.

Poyamba tinathira madzi pansi, a Makanika anaponda mabuleki mpaka pikapu inaterereka. Mathireyi onse anathamangira kutsogolo, khuu! Makoma a m'mbali oyera. M'lole muja kutsogolo kunalibe zotere. Sikidi ndinaifuta ndi makala.

Kachiwiri anasiya pikapu ipatuke yokha pang'onopang'ono mpaka pachingwe. Mathireyi anangogwedera ngati amayi pa kwaya, palibe linagwa.

Kachitatu anakhotetsa kamodzi kulowera kuchingwe. Phwa! Bolodi la mbali ya msewu chikasu chokhachokha, mmwamba, mzere womwe uja ndinatsuka. Ndinakuwa mpaka agalu a pafamu anayankha.

Ndiye dzulo kalata yako yafika ndi munthu wako wodzidzimuka. Ndinathamanga nayo kwa a Makanika. Anati, "Mwana ameneyu ali ndi mutu." Tinayesa. Iwo anachita ngati akusinza, mpaka kuliza mkonono, mdala wosaseka uja! Pikapu ikupita kuchingwe, kenako anadzidzimuka nkukhotetsa. Tsopano ndikufunse, munthu akadzuka nkuona ngalande pamphuno pake, amakhotetsa kupita kuti? Amaithawa, amabwerera kumsewu! Ndipo mazira anamenya bolodi la mbali ya ngalande. La kumsewu loyera. Tinabwereza katatu. Wogona amadetsa khoma ili, wozemba amadetsa khoma ilo. Palibe munthu wodzidzimuka amene amathamangira m'ngalande, Kalaliki. Amalowamo dala ndi munthu amene waona kuti mumsewu muli chinthu choti asachigunde.

Mlongo wako anabwera kudzaonerera ulendo womaliza, manja m'thumba. Titamaliza anapita kukagwira bolodi lija ndi chala.

Mantha ako achiwiri ndiwo atsala. Ndani akhulupirire azakhali? Sindikudziwa. Ndipita ndi zimene ndili nazo. Kalatayi ikafika msanga, utipempherere Lachisanu, teni koloko yathu.

Azakhali ako, amene sanapange nkhani.


3 Juni

Kalaliki wanga, mwana wanga, kamtima kanga,

Moni! Usakhale pansi ulendo uno, imirira, uvine kaye, kenako uwerenge.

Dzulo tinalowa muofesi ya abwana tonse, ine, mlongo wako ndi thalauza lake louma, a Makanika, a Mtali. Bambo wa inshuwalansi atandiona anati, "Aa, mayi wa sopo." Ndinati ndine ndemwe, bambo, ndabwera kudzabweza zimene ndinatsuka.

Ndinayamba kufotokoza, abwana anandidula. "Mayi, nkhani za wilibala tazimva, famu yonse ikuseka." Ndinati, "Bwana, musamve, mukwere." Wa inshuwalansi ndiye anayamba kuimirira, akuti iye zaka zonsezi amangoona magalimoto atagwa kale, sanakhalepo kumbuyo ndi katundu. Abwana anatsatira chifukwa cha manyazi. Ndinawabwereka epuloni, anakana. Pa ulendo wachitatu a Makanika anakhotetsa ndi mtima wonse, ndipo dzira limodzi linaphonya bolodi nkupeza kolala ya abwana. Ine sindinaseke. A Mtali ndiwo anathawira kuseri kwa thanki.

Titatsika, wa inshuwalansi analemba zambiri m'kabuku kake. Kenako anati, "Mayi, zimene mwaonetsa n'zoona. Koma zikusonyeza za pikapu iyi. Za lole ija tili ndi mawu anu okha, ndipo inu ndinu azakhali ake." Mawu ako enieni! Abwana anati, "Mwamva," akupukuta khosi. Mlongo wako anatulutsa cholembera m'thumba.

Pamenepo a Makanika anatsokomola. Anati, "Lole ili kugaraja kwanga, sinayendenso. Mayi, mkati muja muli njanji zachitsulo zomangirira malamba, imodzi khoma ili, ina khoma ilo. Munatsuka kuseri kwake?" Ndinati kuseri kwake kulowa bulashi? Anati, "Ndikufunsa, munatsuka?" Kalaliki, pamaso pa abwana, pamaso pa a Mtali, ine wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndinati, "Ayi, sindinatsuke."

Tinapita tonse. A Makanika anayamba kumasula njanji ya mbali ya ngalande, wa inshuwalansi ataimirira pomwepo ndi kamera. Kuseri kwake fumbi lokha ndi kangaude. Anapita ku ya mbali ya msewu. Zomangira zinali zolimba, anatenga nthawi. Itangosuntha, fungo! Mwezi wathunthu dzira lili m'menemo. Abwana anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Chikasu chouma mzere wonse, timakoko titalowa m'mipata ngati wina anachita kukhomerera. Wa inshuwalansi anajambula, najambula, akutsokomola. Abwana anati, "Mayi, ndiye kutsuka kwanu n'kumeneku?" Ndinati, "Bwana, ndilembeni chenjezo, ndisaina ndi manja awiri."

Tinabwerera kuofesi. Abwana anatenga labala, anafuta viya wawo, wa inshuwalansi anachonga sweve ndi inki. Ndinapempha ndione ndi maso anga kabokosi kake, ndinawerenga chilembo chimodzichimodzi kufananiza ndi kalata yako. Mawu a kusinza anawadula mzere, nasainira pambali. Mlongo wako abwerera pa lole dokotala akamuonanso pa 15, pakadali pano akuthandiza kugaraja. Abwana pomaliza anamuuza kuti, "Ukanangondiuza kuti unazemba chinthu." Iye anati, "Sindinkadziwa, bwana."

Pobwerera kunyumba sitinakwere basi, anati tiyende. Tinadutsa pamalo paja. Udzu wamera kale, sungadziwe. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana msewu, kenako anati, "Azakhali, ndiye chinali chiyani?" Ndinati sindikudziwa, mazira sananene zimenezo. Anati, "Galu? Njinga?" Ndinati mwina. Tili chiimire anadutsa mayi wina ndi mtolo wa nkhuni, kenako mdala pa njinga yopanda mabuleki akuimitsa ndi phazi, kenako atsikana awiri asukulu akukangana za chingamu, osayang'ana n'komwe kumsewu. Aliyense ndinkamuyang'ana kumaso, ndikuti, kodi ndiwe? Mdala wa njinga uja mpaka anandifunsa kuti, "Mayi, tikudziwana?" Ndinati, "Mwina, bambo, pitani bwino."

Mlongo wako anaseka. Kenako anakhala pansi pa udzu pomwe paja, anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedera. Ndinamusiya, ndinaima mbali ya msewu kuti odutsa asamuone. Atatha anapukuta maso ndi malaya, anaimirira, anati, "Mumuuze mlongo wanga kuti kiyi ndikatenga."

Ndiye ndakuuza.

Azakhali ako.